Adzukulu anakana kukumbira Damiano

Ndinadzuka kusanache, ngati kuwodzera kumene ndinachita nditatsamira khoma kungatchedwe kugona. Amayi a mpingo anali atatopa nako kuyimba, ena tulo titawagwira chokhala, ndipo mlongo wanga Damiano anali gone pakati pathu m'bokosi limene linakhomedwa dzulo lake. Inali nyengo ya chisanu, chisanu cha kwathu ku Lifidzi chija cholowa mpaka m'mafupa. Ndinatuluka panja kukamvetsera. Pa maliro alionse, nthawi ngati imeneyo umamva makasu akugundana, adzukulu akulowera ku manda. Tsikulo ndinangomva amuna akutsokomola pa moto wa kuseri kwa khola.

Kwathu munthu sakumba manda a m'bale wake. Banja lathu limakumbiridwa ndi a kwa Phiri a kutsidya kwa dambo, ndipo amuna athu amakumbira iwo. Zinayamba kale, makolo athu atangofika kuchokera kummwera n'kuwapeza eni nthakawo ali pano. Ndiwo amaloza pokumba, ndiwo amatsitsa bokosi, ndiwonso amakwirira. Uthenga wa maliro unawapeza nthawi yabwino, koma usiku wonse sipanaoneke ndi mmodzi yemwe wa iwo. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, kungoti panalibe wofuna kuchitchula pamaso pa amayi anga.

Damiano anali ndi mutu wa sikola. Ansembe anamutumiza ku Lourenço Marques, ku yunivesidadi kumene anthu akuda ankawerengeka ndi zala. Atamaliza maphunziro oyamba sanabwere kudzakhala mlembi pa posito, ofesi ya boma, monga abambo ankafunira. Anapitiriza ena apamwamba, a zofukula zakale, pansi pa Mpwitikizi wina amene ife tinkangomutcha dotolo. Chilimwe chatha anabwera naye kuno kudzakumba pa bwinja la pa chitunda, mbali ya a kwa Phiri. Damiano ankafuna ng'anjo zakale zosungunuliramo chitsulo. Anandiuza yekha, ndikumuchapira malaya ofiira ndi dothi, kuti akufuna adzalembe kuti anthu a kuno ankasula makasu awo ngalawa ya mzungu isanaone gombe. Ankamanga zingwe, n'kumapala nthaka pang'onopang'ono ndi timipeni, n'kumaisefa ngati ufa.

Ng'anjo anaipeza. Koma chapafupi pake anapezanso munthu, mikanda ili m'chiuno, zigwinjiri zili m'manja. A kwa Phiri anati ameneyo ndi gogo wawo, amukwirire. Dotolo anali ndi chilolezo cha ku posito ndi asipayi awiri, apolisi a boma la Apwitikizi, choncho mafupawo anakulungidwa m'manyuzi n'kuikidwa m'kaishoti, bokosi la matabwa. Amene anainyamula kaishotiyo kupita nayo pa galimoto, anthu onse akuona, anali Damiano. Izi sindimubisira ngakhale wagona. Ndinamukalipira tsiku lomwelo mpaka mawu kundithera, iye n'kungoti akakana amuchotsa maphunziro. Mvula itatha anabwera kumudzi ndi chifuwa chimene sichinamusiyenso, ndipo anthu anayankhula zimene anthu amayankhula.

Kutayera, amayi a m'mudzi anasonkha moto m'mafuwa kuseri kwa nyumba. Tinaphika nyemba ndi kachewere za adzukulu monga mwa mwambo, atsikana n'kusenza kupita nazo ku manda. Anabwerera nazo zili chivundikirire. Ndinaziika pansi pa nkhokwe, ndipo zinazizira pomwepo, agalu akuzungulira.

Anthu anayamba kufika nkhungu isanachoke. A ku Domwe anabwera pa njinga, miyendo ili mbuu. Abale a ku Dedza anadzera njira za m'minda kuseri kwa Kalomwe poopa asilikali a pa msewu, ndipo anafika nsalu zitanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Aliyense ankati akalira pakhomo, akakhala pansi, maso ankapita ku msitu wa manda, kenako pansi. Ndinamva mayi wina, amene mwana wake Damiano anamuphunzitsa kuwerenga popanda kumupempha ndi dzira lomwe, akunong'oneza mnzake kuti wofukula anzake ayenera aone mmene zimakomera kugona panja. Ndinali nditanyamula ndowa ya madzi. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira dzanja kuti ndisamukhuthulire.

Anyamata a kwathu anapsa mtima, ena n'kutenga makasu kuti akakumbe okha. Abambo anawaletsa. Manda okumba eni maliro sangakhale pakati pa makolo. Akanakhala kunja kwa msitu, kumene timaika alendo ofera panjira. Abambo anali ataphunzitsa ana pa sikola ya mishoni moyo wawo wonse, ndipo tsopano ankayenda ndi ndodo, miyendo itatupa. Anavala kazako yawo, jekete ya ku tchalitchi, n'kuwoloka dambo ndi amalume. Anakakhalako mpaka dzuwa linaboola nkhungu. Atabwera anati mkulu wa adzukulu, a Phiri, wanena mawu amodzi okha: akumba mzunguyo akanena ndi pakamwa pake, pamaso pa anthu, kuti gogo wawo abwerera.

Ndinakwiyira a kwa Phiri, sindinama. Zimene ankanena zinali zoona, koma amene anali kulangidwa anali amayi anga, nkhalamba imene inali itakhala pafupi ndi bokosi chidzulo chija osalawa kanthu. Ndinakwiyira Damiano potisiyira mlandu n'kugona yekha phee. Koma mkwiyo waukulu ndinausungira munthu amene tonse tinali kumudikira, khamu lonse lija maso ali kumsewu, ngati kuti mwini maliro ndi iyeyo.

Dotolo anafika dzuwa lili pamutu, pa jipi, ndi msipayi mmodzi. Anatsika atanyamula nkhata ya maluwa ogula, nsapato zake zili waliwali pakati pa mapazi athu ong'aluka. Anapatsa amayi anga moni wa padzanja. Maso ake anali ofiira, ndipo ndikhulupirira kuti analiradi panjira. Zimenezo zinangowonjezera ukali wanga, chifukwa munthu wolira ndi wovuta kumutukwana. Abambo anatumiza mthenga kutsidya, a Phiri anabwera ndi anyamata awo opanda makasu, ndipo anakhala pansi pa mtengo wa pichesi. Abambo ankamasulira m'Chipwitikizi. Dotolo anavomera msanga, msanga kwambiri, ngati munthu amene wangopemphedwa moto wa fodya. Anati akamaliza kuyeza ndi kulemba, mafupawo abwerera ndithu.

A Phiri anamuyang'ana. Kenako anaimirira, n'kukodola abambo, ndipo awiriwo anapita kuseri kwa nkhokwe. Sanachedweko. Atatuluka, a Phiri anauza anyamata awo kuti akatenge makasu. Tinatenthetsanso nyemba zija, n'kuphika zina zowonjezera, ndipo ulendo uno mbale zinabwerako zopanda kanthu.

Nthaka ya nyengo ya chisanu ndi youma, choncho kukumba kunatenga masana onse. Tinanyamuka dzuwa litapendeka kale, mphepo yozizira itayambanso, kamvula kowaza kakutsika m'phiri. Mtanda unali patsogolo, kenako bokosi pa mapewa a adzukulu, amuna, ndiye ife amayi pambuyo tikuyimba ndi mawu osasa. Anthu ambiri a kutali akanayenera kukhala atabwerera kale poopa kuyenda mdima m'masiku a nkhondo aja, koma sanachoke. Ena anatsala chifukwa cha chikondi, ena pofuna kuona mapeto ake. Titalowa mumsitu ndinaona kuti a Phiri analoza malo abwino, pafupi ndi agogo aamuna, ndipo mtima wanga unatsika pang'ono.

Amayi tinakhala pansi mbali yathu. Ansembe anapemphera, anawaza madzi, ndipo adzukulu awiri analowa m'dzenje kulandira bokosi. Dotolo anaima kutsogolo, pafupi ndi mulu wa dothi lofiira lochokera m'mandamo, chipewa chili m'manja. Pamene anthu onse anaweramitsa mitu, ine ndinali kuyang'ana iyeyo, chifukwa tsiku lonse maso anga anakana kumusiya. Ndinamuona akuyang'ana pa mulu paja. Anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kutola phale la mphika wakale, lokhala ndi timizere m'mphepete. Analipukuta ndi chala chachikulu, analitembenuza, n'kuliponya m'thumba la kazako.

Ku manda sikuchoka kanthu. Dothi lotuluka m'dzenje limabwerera lonse, ndipo ngakhale lomatirira ku makasu amalipala asanatuluke mumsitu. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa zimenezi. Adzukulu awiri aja anali atatuluka, makasu ali m'manja kuti ayambe kukwirira, koma mmodzi anaima chilili, maso ali pa thumba lija. Mnzake anamuyang'ana, kenako onse anayang'ana a Phiri. Ndinadziwa chimene chikubwera. Akanaika makasu pansi n'kuwoloka dambo, mlongo wanga akanagona m'dzenje lapululu, ndipo panalibe wa kwathu amene akanaloledwa kuponyamo dothi.

Sindinaganize. Ndinangopezeka ndaimirira, ndikudutsa pakati pa amuna, kumene mkazi sapondako pa nthawi ngati imeneyo. Ndinaima pamaso pake n'kutambasula dzanja.

"Bwezani," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati sakumva. Mwina sanamvedi. Msipayi uja anasendera, dzanja lili pa chibonga, ndipo amalume anandiitana dzina langa chapansipansi. Ndinapisa dzanja m'thumba la mzunguyo. Munali mpango, machesi ndi phale lija, lozizira. Ndinalitulutsa, ndinalikweza kuti a Phiri alione, n'kuliponya m'manda. Linagogoda pa bokosi, ndipo mumsitu monse munali zii moti aliyense anamva.

Nkhope ya dotolo inafiira mpaka m'makutu. Anakweza dzanja kuletsa msipayi, n'kutembenukira kwa abambo ndi kuyankhula mofulumira. Chipwitikizi changa ndi cha kalasi yachitatu, koma ndinamva. Ankati phalelo ndi la mtundu umene Damiano ankaufunafuna, ndipo akanakhala moyo akanalitola yekha. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti mwina sananame. Abambo sanamasulire mawu amenewo kwa anthu. Anangoyang'ana kutsogolo, atatsamira ndodo yawo ndi manja onse awiri.

A Phiri anandiyang'ana ine, anayang'ana m'dzenje, kenako anati kwa anyamata awo, "Kwirirani."

Anakwirira. Dothi lonse linabwerera, anaumba mtumbira bwinobwino, ndipo nkhata ya maluwa ogula ija inaikidwa pamwamba chifukwa panalibe amene anadziwa kwina koitaya. Potuluka tinasamba m'manja ndi m'mapazi pa khwawa. Jipi inali itapita kale tisanafike pakhomo; dotolo sanadikire chakudya ndipo sanatsanzike amayi. Amayi ena anandizemba ngati ndili ndi nthenda. Mmodzi, wa kwa Phiri, anandifinya mkono podutsa.

Pofika madzulo bwalo linali litayera. Anatsala ndi abale ochepa ogona pa siwa, ndipo iwonso anali atatopa. Mafuwa anali akufuka utsi wotsiriza. Amayi anagona pa mphasa pomwe panali bokosi, atafunda nsalu kumutu. Abambo ndinawapeza pakhonde, akadali ndi kazako yawo yonyowa, ndodo ili pakati pa miyendo. Ndinkayembekezera kuti andidzudzula chifukwa cha zimene ndinachita, koma sanatero. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwafunsa chimene anakambirana ndi a Phiri kuseri kwa nkhokwe.

"Anati mawu a mzungu alibe pogwira," anatero abambo. "Amafuna chikole."

"Ndiye munapereka chiyani, ababa? Ng'ombe?"

"Ng'ombe akanatani nayo? Ndawauza kuti gogo wawo akapanda kubwerera, ine asadzandikumbire. Ndidzagona kunja kwa msitu."

Ndinawauza kuti munthu amene walephera kusiya phale limodzi pa maliro a wophunzira wake sangabweze kaishoti yathunthu ya mafupa, ndipo iwonso anaona ndi maso awo.

"Ndaona, mwanawe," anatero. "Ndinadziwa asanatole n'komwe. Koma Damiano wagona ndi anthu ake."

Ndinafuna kukuwa, koma m'nyumba amayi anali atangopeza tulo. Ndinayang'ana miyendo yawo yotupa ija, ndinamvetsera mmene ankapumira movutikira, ndipo ndinalowa m'nyumba kukawatengera gombeza loti afunde.