Dzino la aTelala

M'mawa uliwonse, asanayambe kupalasa makina, aTelala ankanyambita ulusi, kuulowetsa pasingano, n'kuudula ndi dzino. Sizasi inalipo, koma inkangogona m'dilowa.

"Mudzatha mano inu," akazi awo ankatero powapatsira tiyi.

"Sizasi imasowa, mayi. Dzino munamva kuti labwerekedwa?"

Ulusi wa zaka zonsezo unasema kampata padzino lawo lakutsogolo. Mwana wawo, yemwe ankamutcha Kabatani chifukwa cha kuchepa, ankakonda kupisapo kachala.

Kabatani akuphunzira kumene kuyenda, mtsikana wogulitsa m'golosale anapezeka ataphedwa kuseri kwa mashopu. Diresi limene anavala linali losoka aTelala, ndipo dzulo lake anthu anamuona pashopu pawo akuliyesa. Pamkono pake panali polumidwa. Apolisi anabwera, n'kuwalumitsa aTelala chinthu chofewa ngati phula.

Kukhoti kunafika katswiri wa mano, tayi pakhosi, zithunzi zikuluzikulu m'manja. Analoza bala, n'kuloza kampata kaja. "Dzino lotere ali nalo ndi munthu mmodzi basi," anatero.

Amake Kabatani anayang'anitsitsa chithunzicho. Kampatako ankakadziwa kuposa wina aliyense. Nanga munthu wophunzira chotere anganame kuti apindulenji? Amuna awo akutulutsidwa ndi unyolo anakuwa, "Amake Kabatani, si ine!" Iwo anangozyolika. Kundende sanapondeko phazi. Makina anawafunditsa bulangete lakale, pamwamba n'kumaikapo mapoto. Mwana atayamba kufunsa, anamuuza kuti bambo ake anamwalira.

Zaka zinapita, Kabatani mpaka kuyamba kuba nsapato za mayi ake. Tsiku lina masana, amake akutsuka mbale, anatulukira mlamu wawo, mlongo wa aTelala, yemwe anatha nsapato kuyendera maloya. Analowa osaodira.

"Mlamu, chotsani mapoto pamakinapo. Eni ake akubwera."

"Mwayamba misala?"

"Misala ndi yanuyo. Diresi lija a khoti analisunga. Maloya akapimitsa malovu amene anatsalira pansalu, zija amati DNA. Si a achimwene ayi! Ndi a munthu wina, ali kale m'ndende pa mlandu wina ngati womwewu."

"Nanga dzino? Adokotala aja anati..."

"Akatswiri ena aunikanso. Akuti khungu limatupa, limakokeka, sungaloze nalo dzino la munthu. Anangoganiza, mlamu. Kungoganiza, tayi ali pakhosi!"

Mbale inapulumuka m'manja, phwa! Amake Kabatani anakhala pansi pamadzi a sopo, osamva n'komwe kunyowa. Zaka zonsezi ankadziyesa mkazi wa chigawenga, chonsecho ndi iwo amene anakwirira munthu wamoyo.

Pakhomo panaima Kabatani, yunifolomu ili m'thupi, chikwama chikadali kumsana. Anali atamva zonse.

"Amayi, akufa amatuluka m'ndende?"



Tsiku lotuluka litakwana, aTelala anafika ataonda, mutu uli mbuu ndi imvi, tizovala tili m'kajumbo. Anaima pakati pa balaza ngati mlendo wodikira kuuzidwa pokhala. Ataona Kabatani anamwetulira, ndipo amake anagwira pakamwa. Kutsogolo kwa mano a aTelala kunali gweru.

"Dzino lija?" anafunsa mlongo wawo.

"Ndinalizulitsa konko. Ndinatopa kugona nalo m'kamwa."

Amake Kabatani anagwada, maso pansi. "Bambo, ine ndinakhulupirira chithunzi. Mwanayu ndinamuuza kuti munafa."

ATelala anapita pakona, kuvundukula bulangete, n'kuzunguza gudumu la makina. Linalira kwii, ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa. Anapukuta fumbi ndi chikhatho, nthawi yaitali, msana atawapatsa onse. Mkazi wawo anakhalabe chogwada. Sankadziwa ngati munthuyu wabwera kudzakhala kapena kudzangotenga makina ake.

Kenaka aTelala anacheuka n'kuyang'ana yunifolomu ya Kabatani. Batani lapakhosi linkalendewera.

"Tabwera kuno, iwe. Mwana wa telala amayenda chonchi?"

Mtsikanayo anasendera pang'onopang'ono. Bambo ake anasolola singano, kunyambita ulusi, n'kusoka batanilo. Atamaliza anawerama kuti adule ulusi monga kale. Unangodutsa pagweru paja. Anaima, ulusi uli m'manja.

"Amake Kabatani," anatero osatembenuka, "dzukani apo. Sizasi ija ikadalipo? Tandipatsirani."