Foromani wa Dongo

Dzulo mwana wanga Tendai anakhalira laputopu kuyambira m'mawa. Wapeza gemu ya anthu ogwetsana, yoti bwana ndiwe: umapeka wekha dziko, osewera ake, ngakhale amene apambane.

"Ababa, mulibe munthu ndi mmodzi yemwe umu. Ndiyambe ndi ndani?"

Atangofunsa choncho, fungo la dongo lowotcha linandibwerera m'mphuno.

Papurazi, famu ya fodya ku Macheke komwe ndinakulira, TV inali kusitolo kokha. Tikaonera ogwetsana pawindo, ine ndi mlongo wanga Esinati tinkaumba athu ndi dongo la kudamu, n'kuwawotcha pamoto wa mabani oumitsira fodya. Wanga anali Njovu, wachifuwa ngati chitseko, ndipo sankagonja. Ana a m'komboni amene ankadzaonerera tikamawagwetsanitsa anatopa naye, nasiya kubwera.

Ndiye Esinati anaumba kamunthu kamimba, kachipewa ndi ndodo, ndendende foromani amene ankakalipira amayi kumunda. Kankapambana mwachinyengo Lamlungu lililonse, kuthira mnzake mchenga m'maso, kumenyera kumbuyo. Ine ndinkalira ndi mkwiyo.

"Dikira, iwe," ankatero Esinati. "Asagwe msanga ameneyu."

Ana aja anabwerera, mpaka kumakankhana. Tsiku lomwe Njovu anamudula mutu foromani, azimayi amene ankachapa pampopi anasiya zovala naimba nthungululu. Amayi anavina mpaka duku linagwa. Ndinayenda motukumuka sabata yonse, poganiza kuti akuyamikira kuumba kwanga.

"Yamba ndi woipa," ndinamuuza Tendai. "Munthu woti anthu azilakalaka kumuona ali pansi."

Ndinachita kukula kuti ndidziwe kuti azimayi aja sankaona dongo ayi.