Katemera Wokoma

Anabwera Lachiwiri m'mawa, tikuyeserera sewero kuseri kwa tchalitchi pa Chitipa boma. Anali apolisi awiri, bambo ndi mayi. Anaodira mwaulemu n'kufunsa kuti mayi wa mufilimu ya katemera ndi uti. Ndinaimirira ndikumwetulira, poganiza kuti ndayamba kutchuka.

Inali filimu yanga yoyamba. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo kuno ndinatsatira amayi atawatumiza kudzaphunzitsa. Mufilimumo ndinali mayi wonyengerera mwana kuti alandire katemera wodonthetsera m'kamwa. Mwana amene tinabwereka analira zenizeni, ndiye ndinangowonjezera mawu anga: "Yasamula mwanawe, katemerayu amakoma." Wotsogolera filimu, mnzathu wa ku Zomba, anayamikira kwambiri. Panalibe amene anakumbukira kuti m'Chitumbuka kukoma ndi kupha. Wina anadula kachidutswa kameneko n'kukamwaza m'mafoni, ndipo azaumoyo atafika ku Wenya, komwe amalankhula Chitumbuka, anapeza azimayi atathawitsira ana m'minda.

Amene anandifunsa mafunso kupolisi anali bambo uja, wakummwera, wolankhula Chichewa chosalala kuposa changa. Ndinamufotokozera zonse, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Chemwali, ine ndikudziwa kuti munkanena kutsekemera," anatero. "Koma akuluakulu akufuna munthu, ndipo nkhope yomwe ili pafoni ndi yanu."

Anati nditha kutuluka tsiku lomwelo ndikavomera pa kamera kuti ndinanama dala, anthu ena atandituma. Ndikakana, nkhani ipita kukhoti. Ndinakana, chifukwa dzina langa ndi lokhalo limene ndinali nalo pantchitoyi.

Za m'chitokosi sindinena zambiri. Munali m'mwezi wa Juni, mphepo ya ku mapiri a Mafinga ikulowera pansi pa chitseko, ndipo juzi anandilanda pakhomo. Mayi wina amene anamugwira ndi katundu wozembetsa pamalire anandizindikira. Tsiku loyamba sanandilankhule. Tsiku lachiwiri anandiuza kuti mdzukulu wake sanalandire katemera chifukwa cha ine, kenako anandifunditsa theka la chitenje chake. Wotsogolera filimu sanabwere. Ndinamva kuti anauza apolisi zoona zokhazokha, kuti si iye amene analemba mawu a mufilimu aja.

Lolemba lotsatira ndinavomera. Ndinkaopa khoti, ndipo ndinali nditatopa ndi kuzizira. Anandikhazika pampando pafupi ndi zenera kuti nkhope iwale. Wapolisi wamkazi uja anagwira foni, bambo uja n'kumandiuza zonena. Titajambula koyamba anati sizinagwire mtima.

"Si ndinu a zisudzo? Lirani pang'ono."

Ndinalira, ndipo sindinavutike kupeza misozi. Anandibwezera juzi n'kunditsegulira chitseko dzuwa lili paliwombo. Ndinayenda wapansi kudutsa pamsika popanda wondigwira. Ena ankangolozerana ndi milomo.

Anthu amati ndinatuluka msanga, ndithokoze Mulungu, ndipo ndimathokozadi. Ndinabwereranso ku zisudzo, ngakhale tsopano sindiwonjezera liwu pa zimene andilembera. Ufulu umene anandipatsa ndi woyenda kumene ndikufuna, koma anthu akukhulupirira bodza limene ndinanena ndekha. Pa mafilimu onse amene ndachita, palibe yomwe yaonedwa ndi anthu ambiri ngati ya pafupi ndi zenera ija.

Tsiku lotuluka lija amayi ananditenthetsera madzi osamba. Nditamaliza kudya anatseka chitseko, anakhala pafupi nane n'kutsitsa mawu.

"Mwananga, ine ndine mayi ako, sindiuza munthu. Anakutuma ndani?"