Kagalasi kamene mwana wanga anabwera nako

Kwathu kuno kumtunda kwa Lizulu, munthu akachokera kutali sangolowa m'nyumba n'kugona. Timayala mphasa pabwalo, iye n'kutsegula sutikesi abale onse akuona. Anayambitsa zimenezi ndi amuna opita ku Joni. Alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, anabwerako ndi wailesi, njinga ndi mabulangete, ndipo mpaka lero chinthu amachiyesa pochinyamula. Chikapepuka, kwa iwo n'chachabe.

Mwana wanga wamkazi atabwera kutchuthi kuchokera kumaphunziro ake akunja, tinayala mphasa. Anatulutsa zitenje, nsapato, kenako kabokosi. M'menemo munali kagalasi kochepa kuposa bokosi la machesi, kokhala ndi timizere tofiirira. Anati ntchito yake ndi imeneyi. Ndi sola, koma osati zolemera zija timagula pamsika. Iyi amapanga ndi mankhwala onga pulasitiki, opakidwa mopyapyala, magawo awiri osanjikizana. Lapamwamba limatenga mtundu wina wa kuwala, lapansi limatola kumene kwadutsa. Vuto lili pomwe magawowo amakumana, chifukwa magetsi ena amatayikira pamenepo, ndiye iye ndi anzake akulimbana n'kuti azitayika ochepa. Ine ndinaganiza za nyemba zodzala m'chimanga, zonse zikudya dzuwa la munda umodzi.

Alamu anatenga kagalasiko n'kukapepeta m'dzanja. Anafunsa ngati kangatchaje foni. Mwana anati ayi, aka n'koyeserera chabe, ndiponso kanasiya kale kugwira ntchito. Anthu anaseka. Inenso manyazi anandigwira, sindinama.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, alamu anandiitana. Anati abale agwirizana kuti mtsikanayu asabwerere. Zaka zonsezi wangobwera ndi phale la galasi, msinkhu ukupita, pomwe kuno akhoza kuphunzitsa kusekondale, komanso pali mnyamata wa lole wa ku Manjawira amene wamufunsira. Pasipoti ndiwapatse iwo asunge. Anandikumbutsa kuti ng'ombe za lobola zinapita kwathu, choncho mwana ndi wawo, ine ndinangobereka. Anamaliza ndi mawu akuti ndisaiwale kuti dimba la mbatata limene ndimalima ndi la banja lawo.

Pakamwa panga anthu a pamsika amapadziwa, koma kwa alamu ndinali ndisanatukulepo mutu. Tsiku limenelo ndinagwada bwinobwino, manja pamodzi, kuti asadzati ndinasowa ulemu.

"Alamu, inu munatha zaka ku Joni, palibe anakubisirani chiphaso. Amayi anu ankalira, koma ankakuperekezani mpaka kumsewu. Ng'ombe zanuzo zinafa kalekale. Mwanayu waphunzira ndi msana wangawu, wosenza matumba a mbatata. Apita basi."

Anandifunsa ngati ndikudziwa tsiku limene kagalasiko kadzayatse babu. Ndinati sindikudziwa, mwina ndidzafa ndisanaone. Mwanayo anali atandiuza kale kuti zinthuzi zimasuntha pang'onopang'ono, ndiponso kuti zikakhalitsa padzuwa zimafooka msanga. Sanandinamize, ndiye inenso sindinawanamize.

Nkhani sichedwa kuyenda pamudzi. Mwana anamva za dimba, n'kubwera kwa ine maso ali psuu, akuti akhala, sangandigonetse ndi njala chifukwa cha galasi. Mtima wanga unkafuna zomwezo. Nyumba yanga imazizira m'mwezi wa June, ndipo ndimakhalamo ndekha. Koma ndinamukalipira ngati waba nkhuku. Ndinamuuza kuti alamu angoopseza, dimba sangalikhudze, ndipo ngati akufuna kundichititsa manyazi pamudzi pano akhale, anthu aone kuti ndinagwada pachabe. Sutikesi yake ndinasenza ndekha mpaka pa Lizulu, n'kumukankhira m'minibasi. Kulira ndinakalirira kumunda.

Alamu sanali kuopseza. Mwezi usanathe ananditumizira uthenga kuti ndisapondenso kudimba, ndipo mbatata imene ndinadzala ine anakumba ndi akazi awo. Pano ndimaoda kwa alimi a kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambique, n'kumagulitsa pamulu. Phindu lake ndi lamchere ndi sopo. Njira yanga ya kumsika imadutsa pa dimba lomwelo, ndipo sindinaisinthe. Ndikawapeza alamuwo akuthirira ndimawapatsa moni mokweza, kuti asaganize kuti ndabwera kudzapepesa.

Mwana amaimba foni Loweruka. Amandiuza za magawo ake awiri, kuti ayesa mankhwala ena apakati ndipo zasinthako pang'ono. Kenako amafunsa za kudimba. Ndimamuuza kuti mbatata yabereka bwino chaka chino, ndipo si bodza.