Donti Tali

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Kalingalinga m'kanyumba ka zipinda ziwiri, kuseri kwa anthu owotcherera mageti. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga kwa mzungu wina wokalamba, mayi wamasiye amene Chingerezi chake chinali chakale ngati mipando yake. Madzulo ankabwerera wapansi, atanyamula buledi wotsala, nthawi zina diresi lakutha. Tsiku lina anabwerako ndi liwu.

Liwulo linali tarry, koma pakamwa pa amayi linkatuluka kuti "tali". Mzungu uja akamawatuma kusitolo ankawauza kuti don't tarry, ndiye iwonso anayamba kundituma motero, atakweza mphuno ndi kumwetulira ngati madamu.

"Dailesi, yenda ku kantemba ukagule saladi wophikira na malasha. Donti tali!"

Ine tanthauzo sindinafunse. Ndifunsirenji chinthu chomveka kale? Tali ndi kutali, basi, amayi akuti ndisapite kutali. Ndinkanyadanso mumtima kuti azungu atibera liwu lathu. Ndipo panalibe chondionetsa kuti ndaphonya, chifukwa ndikapanda kupita kutali sindinkachedwanso kubwera, amayi n'kumandiyamikira.

Chaka chotsatira amayi anayamba kutsokomola. Ntchito inatha. Anawonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri, ndipo azakhali, amene anabwera kudzawadwazika, anatiletsa anafe kukhala pafupi ndi mphasa yawo.

"Muzatenga chifuba, imwe bana. Yendani panja," ankatero.

Masana ena a mu Okutobala, kutatentha mpaka malata kumathetheka, azakhali anapita kumpopi. Ndinalowa mozemba kukawapatsa amayi madzi. Mawa lake amalume anali oti adzawatenga kuti akadwalire kumudzi ku Katete. Anamwa pang'ono n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Nditatembenuka kuti ndizituluka, anayesa kumwetulira kwa madamu kuja.

"Tali pang'ono, mwana wanga," anatero.

Zinandipweteka kwambiri. Ndinamva kuti nawonso akundithamangitsa, kuti ndisunthire kutali pang'ono. Ndinaika kapu pansi, n'kukakhala pamulu wa njerwa kutsidya kwa msewu, pamene ndinkatha kuona chitseko chathu. Ndinakhala pomwepo mpaka azakhali anabwera, ndikupukuta misozi ndi diresi. M'mawa mwake amayi anakwera basi. Mvula itangoyamba, ifenso tinakwera basi yomweyo kupita kumaliro awo.

Tanthauzo lenileni ndinalidziwa ndili giredi naini. Aphunzitsi a Chingerezi, bambo wokonda mawu akale, analemba tarry pabolodi n'kufunsa ngati alipo analimvapo. Ndinakweza dzanja msanga, ndati lero andione.

"Ni kuyenda kutali, ba ticha."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsi anaseka nawo, kenaka anafotokoza kuti liwuli ndi mneni wakale, wopezeka m'mabuku akale ndi m'mapemphero, woti masiku ano ndi ochepa amamutchula. Limatanthauza kuchedwa pamalo, kukhalitsa, kusafulumira kuchoka. Ukati don't tarry ndiye kuti ukuuza munthu asachedwe. Koma ukati tarry lokha, ukumupempha kuti akhalebe nawe.

Anzanga ankalemba. Ine ndinkangoona chitseko chija: amayi m'kati akudikira kuti mwina ndibwerera, ine panja ndikudikira kuti mwina andiitana. Pakati pathu panali kamsewu kafumbi chabe.

Lero ndapitirira zaka zimene amayi anafika. Sindiwaimba mlandu, ndipo sindidziimbanso mlandu, ndinali mwana womvera basi. Chimene ndinaphunzira n'chakuti liwu limene likumveka ngati ukulidziwa kale ndi lomwe uyenera kufunsa, makamaka likamachokera kwa munthu amene mawu akumuthera. Ndikapita kukazonda wodwala, anzanga akutchalitchi amandinena kuti Dailesi sadziwa kutsanzika. N'zoona, ndimakhala mpaka eni nyumba ayambe kuyang'anana.

Koma kukhalitsa konseko sikunandibwezere masana aja, ndipo ndimawafunabe. Sindifuna zambiri ayi. Ndingokhala m'mphepete mwa mphasa ija, dzanja la amayi lili m'manja mwanga, mpaka azakhali abwere kuchokera kumpopi adzandikalipire.