Likodzo limene ndinanamizira amuna anga

Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Epulo, madzi a mu Kafue atangoyamba kuchepa. Pomaliza kukodza panatuluka timagazi pang'ono. Ndinati mwina ndi kutopa, poti ntchito yanga ndi yogula nsomba ku doko n'kukagulitsa ku Nangongwe, ndipo sindikhala pansi. Patapita milungu iwiri m'chinena munayamba kuwawa, ndipo kukhala malo amodzi ndi amuna anga kunasanduka chilango.

Amuna anga, aTembo, amayendetsa minibasi ya ku Lusaka. Zimene anthu amanena za madalaivala mumazidziwa, choncho ine sindinavutike n'kufufuza. Mlandu ndinauweruza ndekha mumtima: andibweretsera matenda. Sindinawafunse. Ndinangosamukira kuchipinda cha ana, nshima n'kumawasiyira patebulo ngati ya mlendo wosafunika. Ukwati wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinali nditaumanga kale m'chitenje, kudikira tsiku lobwerera kwathu ku Katete. Kuchipatala ndinkaopa, chifukwa nesi mmodzi wa kumeneko timaimba naye kwaya, ndipo ndinkachita manyazi.

Lachisanu lililonse ndimapereka nsomba kwa Mayi Mweemba, amene amayang'anira laibulale ya m'tauni mwathu. Tsiku lina mu Meyi, ndikudikira kuti asankhe nsomba zawo, ndinaona kabokosi kamatabwa pafupi ndi shelefu ya timabuku ta zaumoyo. Anandiuza kuti laibulale yawo inagwirizana ndi laibulale ya kuchipatala chachikulu, kumene amawerengera madokotala ndi manesi. Munthu amalemba funso popanda dzina, n'kutenga kanambala. Mafunsowo amapita kumeneko, ndipo zowerenga zoyankha zimabwera m'envulopu sabata yotsatira, m'chinenero chosavuta. Ndinapempha pepala, ndinati ndikufunsira mnzanga. Mayi Mweemba sanaseke, Mulungu awadalitse. Anangoti, “Muuzeni mnzanu alembenso nchito yamene asebenza.”

Envulopu yanga inabwera, ndipo ndinakaitsegulira kuseri kwa tebulo langa la nsomba. Munali kapepala ka matenda opatsirana pogonana, monga ndinkayembekezera. Koma pamwamba pake panali kena konena za likodzo mwa amayi. Ndinatsala pang'ono kukulungira nako nsomba. Kwathu likodzo timati ndi la ana osamva amene amasambira m'madambo, osati la mayi wa ana atatu. Komabe ndinawerenga. Kankati tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu, ndipo mwa amayi zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda aja ndinkaopa. Pansi wina analemba ndi bolopeni kuti pepala silipima munthu, mwini funso apite kuchipatala.

Apa ndinakumbukira za ku doko. Ife ogula nsomba tili ndi chizolowezi chathu. Bwato likamayandikira sitidikira pamtunda. Timakwinya chitenje n'kulowa m'madzi mpaka m'maondo, chifukwa woyamba kugwira bwato ndiye amasankha nsomba zazikulu. Ine ndinkadziwika ndi liwiro limenelo, ndipo ndinkanyada nalo.

Lolemba ndinalawirira kuchipatala. Ndinatenga khadi, n'kukhala pabenchi kuyambira seveni mpaka cha m'ma leveni, kapepala kanga kali m'manja. Nesi wa kwaya uja ndi amene anandilandira, ndipo anangogwira ntchito yake osandiyang'ana kawiri. Anandipatsa kabotolo ka mkodzo, ananditenganso magazi kuti apime matenda enawo. Zotsatira ndinazipeza Lachitatu. Dokotala anati, “Amai, matenda ya kwa amuna mulibe. Ni likodzo. Mumangena mu manzi?” Ndinaseka mpaka misozi, iwo n'kudabwa kuti munthu akusangalalira matenda.

Anandikweza pasikelo, anawerenga mapiritsi molingana ndi thupi langa, nandiuza kuti ndiyambe ndadya. Anali owawa, ndipo tsiku limenelo mutu unazungulira ndithu, ndinagona masana onse. Patatha sabata magazi anasiya. Ululu wa m'chinena unatenga nthawi, unkachepa pang'onopang'ono mpaka mu Julayi, pamene anandipimanso n'kupeza kuti mkodzo uli bwino.

Mankhwala owawa kwenikweni anali kupepesa. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinagwada pamaso pa aTembo, ndinawapatsa kapepala kaja, n'kuwauza zonse zimene ndinkawaganizira. Anawerenga mwakachetechete mpaka kumapeto. Kenako anati, “Amake Misozi, miyezi ibili nenze kudya neka cifukwa ca nkhono?” Anaseka, koma m'maso mwawo munali misozi. Anandiuza kuti ankaganiza kuti ndapeza mwamuna wina ku doko, ndipo nawonso ankaopa kufunsa. Tinali anthu awiri m'nyumba imodzi, aliyense akuweruza mnzake.

Lero ndili bwino, thupi labwerera, ndipo ku doko ndimapitabe. Mayi Mweemba anandipatsa timapepala tina kuti ndigawire anzanga, ndipo anayi mwa iwo anakapimitsa. Mayi Mweemba atandifunsa za mnzanga uja, ndinati anachira ndipo akuthokoza. Tonse tinayang'ana kumbali kuti tisaseke.

Amayi anzanga, mukaona magazi kapena ululu wachilendo, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ngati manyazi akukugwirani, yambirani pa kabokosi ka ku laibulale, koma musathere pamenepo. Musakhale dokotala ndi woweruza nokha ngati mmene ndinachitira ine, chifukwa ndinatsala pang'ono kutaya mwamuna wosalakwa.

Sabata imene ndinabwerera kuchipinda chathu, aTembo anabwera kuchokera ku Lusaka ndi majombo aatali ofika m'ntchafu. Ndi olemera, ndipo tsopano bwato amayamba kugwira ndi ena. Nsomba zazikulu zimandipita, koma madzulo nshima timadyera m'mbale imodzi.