Phiri la Agogo pa Windo la ku Croydon

Buledi akangopserera m'tosita, ine mtima umabwerera ku fulati yathu ya ku Croydon, mu London, kumene agogo aamuna, bambo awo a amayi, ankalawirira kupolisha nsapato ngati ali ndi kopita. Utsi unkadzaza kukhitchini n'kusakanikirana ndi fungo la polishi, alamu ya moto n'kuyamba kulira, iwo n'kumaikupiza ndi nyuzipepala uku akuikalipira m'Chichewa, kunjaku tramu, sitima ya mumsewu ija, ikudutsa ndi kabelu kake. Amayi anali namwino, ndipo masana ambiri ndikaweruka kusukulu m'nyumbamo tinkatsala awiri, ine ndi nkhalamba yangayo.

Agogo anathawa ku Malawi ali mphunzitsi wachinyamata, nthawi ija munthu unkatha kusowa chifukwa cha mawu amodzi olankhula pamowa. Zinthu zitasintha anzawo ambiri anabwerera, koma iwo ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka matenda a shuga anawagwira, adokotala n'kuwaletsa ulendo wautali. Kenako shugayo anayamba kudya maso.

Chuma chawo chonse chinali foto imodzi imene anaitola pamsika wa zinthu zakale. Inali yakalekale, yomata pa katoni, mtundu wake ngati tiyi wamkaka, ndipo ankaisunga m'fulemu ya galasi. Sinali foto ya malo enieni ayi. Mzungu wina wojambula ndi penti anayenda kum'mwera kwa dziko lathu zaka za m'ma 1800 n'kupenta phiri, ndiye munthu winanso, makamera atangoyamba kumene, anajambula chithunzi chopentacho. Amayi amati tsiku limene agogo anaiona, anakhala pansi pamsika pomwepo anthu akuwalambalala. Linali phiri la Chiradzulu, momwe limaonekera ukaima kumudzi kwawo.

"Iwe Thoko, tabwera," ankandiitana. "Mwala uwu ukuuona? Kuseri kwake ndinathyokako dzino ndikuthamangitsa mbuzi. Koma mzunguyu anali waulesi bwanji, mitengo waichepetsa!"

Ndikayankha m'Chingerezi ankagwedeza mutu. "Phiri ili silimva Chizungu, mwanawe. Yambiranso."

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chakuti fotoyo inalibe mitundu. Ankafuna kuona chithunzi chenichenicho maso asanatseke, aone ngati mzungu uja dothi analipenta lofiira monga lilili. Anavutitsa amayi mpaka tsiku lina amayiwo ali pa ofu tinakwera sitima tonse atatu kupita ku nyumba ina yosungiramo zithunzi zakale, agogo atavala suti, foto ataikulunga m'chitenje.

Anatilandira mayi wina wachizungu wolankhula motsitsa. Anavala magolovesi oyera asanaigwire, agogo n'kundinong'oneza kuti, "Waona ulemu? Osati iwe ndi manja ako a jamu." Mayiyo anafufuza nthawi yaitali, n'kubwerera nkhope itagwa. Anati chithunzi chopentacho chinapsa pamene mabomba ankagwa mu London nthawi ya nkhondo, ndipo mwina foto yathuyi ndiyo yokha yotsala yosonyeza momwe chinkaonekera. Anatichenjeza kuti mafoto akale otere amadyedwa ndi kuwala, choncho tiziisunga mumdima. Anapempha kuti tiwasiyire masabata ochepa chabe, aijambule bwinobwino ndi makina awo, kenako atibwezere.

Amayi anavomera msangamsanga. Agogo anatambasula chitenje chija n'kuyamba kukulunga.

"Ababa, ndi masabata ochepa chabe," anatero amayi.

"Phiri ili ndinalisiyapo kale kamodzi," anayankha agogo. "Nthawi imeneyonso ndinati masabata ochepa."

Tinabwerera nayo kunyumba. Amayi anayesa kuijambula okha ndi kamera yawo, koma kuwala kwa kamerayo kunathwanima pagalasi la fulemu, pakati pa phiri n'kutuluka chibanga choyera. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo sanalolenso kuti wina aitulutse m'fulemumo.

Mavuto anayambira pamenepo. Maso a agogo anali atafooka moti mumthunzi sankaona kanthu. Kuti aone phiri lawo pankafunika dzuwa lenileni, lija limalowa pawindo la pabalaza masana, foto ili chapafupi ndi mphuno. Dzuwa lomwelo ndilo linkaisulutsa. Amayi akamapita ku shifiti ankatseka katani, fotoyo n'kuiika m'dirowa, n'kundiloza chala.

"Thoko, usatsegule kataniyo. Agogo ako akapita, ife titsala ndi chiyani? Iwe kwanu sunakuonepo. Imeneyo ndi yako, wamva?"

Ndinkamva, ndipo ndinkaifunadi fotoyo. Kusukulu anzanga akamandifunsa kwathu ndinkawauza za phiri limenelo ngati ndinakwerapo. Koma chitseko chikangotsekeka, agogo ankakhala pampando wawo, manja pamawondo, osapempha kanthu, nkhope italoza kumene kunali windo. Abale, munthu wamkulu kukhala chete choncho kumapweteka kuposa kukukalipira. Ndinkapirira pang'ono, kenako n'kupita kukakoka katani.

"Mayi ako akunena zoona," anandiuza tsiku lina, foto ili m'manja. "Ndikukudyera chako, mdzukulu wanga. Koma iwe uli ndi miyendo, tsiku lina udzapita. Ine ulendo wanga ndi womwewu."

Amayi sanali opusa. Anaona kuti mitengo ya m'munsi mwa phiri yayamba kusowa, anandiyang'ana, anayang'ana bambo awo, n'kukalowa kubafa, madzi a pampope n'kumangotuluka nthawi yaitali. Kuyambira tsiku limenelo ankatsekabe katani pochoka, koma za dirowa sanazitchulenso.

Fotoyo inasuluka pang'onopang'ono, chilimwe ndi chilimwe. Mitengo ija itatha, mitambo ndiyo inatsatira, kenako kanjira kokwera, kenako mwala wa dzino uja. Agogo nawo anayamba kupolisha nsapato yakuda ndi polishi wabulawuni, buledi n'kumapserera tsiku lililonse. Chaka chawo chomaliza sankaonanso ngakhale dzanja lawo, komabe masana ankafuna ndiwapatse fotoyo pawindo, chifukwa ankamva kutentha kwa dzuwa pagalasi.

Tsiku lina anandifunsa, "Thoko, usandinamize. Phiri latsala pati?"

Ndinayang'anitsitsa. Panali kamzere kamodzi kofwifwa kumwamba, mwina nsonga, mwina litsiro chabe.

"Agogo, latha," ndinayankha, misozi ili mbwembwembwe.

Anasisita galasi ndi chala chachikulu. "Chabwino," anatero. "Latsogola."

Atamwalira tinawaika m'manda kuno ku London komwe, m'dothi lakuda lonyowa, mvula ikuwaza.

Fulemu ija ndili nayo. Mlendo akabwera amaona katoni yachikasu yopanda kanthu n'kufunsa ngati ndinaiwala kuikamo chithunzi. Ku Chiradzulu sindinapitebe, nanenso ndagwidwa ndi matenda aja a chaka chamawa, ndipo ndikatseka maso kuti ndione phirilo, mbali zina zayamba kundithawa. Masiku ena ndimawakwiyira agogo, ndithu, chifukwa analiona mpaka kulimaliza osandisiyirako ngakhale mtengo umodzi. Ndimawasowa koopsa. Koma mutandibwezera lero pabalaza paja, iwo atakhala pampando manja pamawondo, amayi atangotseka chitseko, ine sindingadikirenso ngakhale pang'ono. Ndingathamange kukatsegula katani.